Momwe mungayendere paki ya ziboliboli ya ku Seattle

Olympic Sculpture Park ili m'mphepete mwa nyanja ya Elliott Bay mumzinda wa Seattle ku America. Idatsegulidwa mu Januwale 2007 pamalo a maekala 9 pomwe kale ankasungirapo mafuta, ndipo kulowa n'kwaulere.

Yambirani kumtunda, panyumba ya PACCAR Pavilion mumsewu wa Western Avenue. Njira yake imakhota ngati chilembo cha Z, kudutsa pamwamba pa msewu ndi njanji, n'kutsika pafupifupi mamita 12 mpaka kumadzi. Mukayambira kumunsi muzikwera chitunda mutafulatira nyanja, chonsecho kukongola konse kuli kumadziko.

Choyamba tsikirani ku Wake, ntchito ya Richard Serra ya mu 2004. Ndi zitsulo zisanu zazitali zopindika ngati mafunde. Musangoima patali n'kujambula. Lowani pakati pake muziyenda pang'onopang'ono, muona mpata ukuchepa kenaka n'kutambasukanso. Koma manja kuthumba! Dzimbiri lofiiriralo n'ladala, ndi limene limateteza chitsulocho, ndipo mafuta a m'manja amasiyapo zidindo zovuta kuchotsa. Ana agwireni dzanja, chifukwa kukwera paziboliboli n'koletsedwa.

Mukapitiriza mufika pa Eagle ya Alexander Calder, yomwe idapangidwa mu 1971. N'chiboliboli chofiira, chotalika pafupifupi mamita 12. Apa ndi pomwe zithunzi zambiri zimaonongekera. Nyanja ili kumadzulo, choncho madzulo dzuwa limawomba kamera kumaso ndipo chofiira chija chimatuluka chakuda bii. Jambulani m'mawa dzuwa lili kumsana kwanu. Kukakhala kopanda mitambo, mapiri a Olympic amaoneka tsidya lina.

Kumunsi kuli Echo ya Jaume Plensa, mutu woyera wa mamita 14 wotsinzina moyang'ana kunyanja. Powoloka njira ya m'mphepete mwa madzi yang'anani uku ndi uku, njinga zimadutsa mwaliwiro.

Patulani ola limodzi kapena awiri. Valani nsapato zafulati popeza njira yambiri ndi ya timiyala, ndipo jekete musaisiye ngakhale dzuwa liwale, mphepo ya kunyanja imazizira. Mvula imachepa mu Julayi ndi Ogasiti. Miyezi inayo tengani chovala cha mvula, pobisala m'pochepa mukangochoka panyumba ija.