Ka MiFi ka paulendo: malangizo a mu bokosi m'Cinyanja

Kapepala kamene kamabwela mu bokosi ya ka MiFi kali na tumalemba tung'onotung'ono twa cizungu, ambili timangokataya pamodzi na pulasitiki, ndiye apa nalemba zimene kakamba m'Cinyanja, kuikilapo na zina zimene sikakamba koma muzakumana nazo mukangokwela basi olo ndeke.

Coyamba, ka MiFi pakekha kalibe intaneti. Ni ka rauta kang'ono ka batile kamene kamatenga netiweki ya 4G kucokela pa SIM imene mwaikamo, nokugawila foni, laputopu na tabuleti kupitila pa WiFi. Twambili tumalola zipangizo 10 nthawi imodzi. Ngati pamalo pamene muli palibe netiweki ya foni, nakonso kazangoyaka kofiila, musakamenye ai.

Musanaike SIM kazimyeni. Tsegulani cakumbuyo na cikhadabo pa kamphako ka pakona, cotsani batile, muzaona malo a SIM pansi pake, mbali ya golide iyang'ane pansi ndipo kona yodulidwa ilingane na cithunzi cojambulidwa pamenepo. Apa ndiye pamene anthu amaonongela zinthu. Ma SIM alipo masaizi atatu, yaikulu, micro na nano, ndipo mafoni ambili a masiku ano ni nano pamene tuma MiFi twina tukali kufuna micro. Mukaika nano na adaputa yosagwila bwino, pocotsa imakola tumawaya twa mkati notupinda, basi cipangizo catha. Adaputa yopanda SIM musaiikemo olo pang'ono. Batile isanabwelele, jambulani na foni ka stika kali mkatimo, pali dzina la WiFi, pasiwedi yake na IMEI, nambala yozindikilila cipangizo ya manambala 15, cifukwa tsiku lina muzaifuna muli mu basi yodzaza ndipo simuzafuna kuyamba kusegula cipangizo pa maondo.

Cajani mpaka batile idzale, kanikizani batani ya pawa kwa masekondi angapo mpaka nyale ziyake, ndiye pa foni sakilani dzina lija mu WiFi nolemba pasiwedi. Mukakonekita segulani browser mulembe adilesi ya tsamba lake la ma settings, pa tuma Huawei twambili ni 192.168.8.1, pa twina monga ZTE na TP-Link ni 192.168.0.1, koma ya pa stika ndiyo yoona. Twakale tumalowa na admin pa dzina na admin pa pasiwedi, zimene aliyense wokonda vamakompyuta adziwa, conco sinthani pomwepo mukali kunyumba. Mapasiwedi ni awili, musawasokoneze: ya tsamba ni yanu mwekha, ya WiFi ndiyo mungapatse anzanu a paulendo. Ya WiFi ikhale pa WPA2 ndipo siingacepele zilembo 8.

Kapepala kamakamba za PIN mu mzele umodzi cabe. SIM ikafunsa PIN mukaphonya katatu imakhoma nofuna PUK, khodi yoitsegulila ya manambala 8, ndipo PUK mukaiphonya ka 10 SIM yafa. Ine nimacotselatu PIN ija SIM ikali mu foni, cifukwa ka MiFi kopanda sikilini sikakuuzani kuti kadikila PIN, kamangokhala cete inu mukuganiza kuti ni netiweki yavuta.

Manje nkhani ikulu, imene kapepala sikakamba olo pang'ono. Foni yanu na laputopu zikaona WiFi zimaganiza kuti zafika panyumba pa intaneti yosatha. Zonse zimene zinali kudikila zimayamba nthawi imodzi, ma app ayamba kuzikonza, zithunzi na mavidiyo amene munajambula pa windo ya basi ayamba kukwela ku Google Photos olo iCloud, WhatsApp icita backup, Windows nayo iyamba kudaunilodi update ya magigabaiti, inu simunasegule ciliconse. Ine cinanicitikilapo, bandulo imene ninaiwelengela mlungu wathunthu inasila laputopu ili yotsegula pa tebulo ine nikusamba, ndipo ninayamba nakalipila kampani ya netiweki mumtima nisanaone kuti wakuba anali mu cola canga. Ndiye citani izi tsiku loyamba kuti zipangizo zidziwe kuti data ya WiFi iyi ni yowelengeka. Pa Windows lowani mu ma settings a WiFi ya ka MiFi muyatse Metered connection. Pa Android, pa netiweki imeneyo sankhani Treat as metered. Pa iPhone dinizani ka i pafupi na dzina la WiFi muyatse Low Data Mode. Citani pa cipangizo ciliconse, ca mkazi wanu, ca mwana, ca mnzanu amene wapempha pasiwedi "kwa mphindi ziwili cabe", cifukwa cimodzi cikatsala ndico cizadya za onse. Pa tsamba la ka MiFi palinso poika malile a data na poona zipangizo zimene zakonekita, mukaona dzina la foni imene simuidziwa itsekeni.

Mukaoloka malile a dziko pali njila ziwili. Mungayatse Data roaming pa tsamba lija nopitiliza na SIM yakwanu, zimene nthawi zambili zimadula ngati simunagule bandulo ya roaming, olo mungagule SIM ya kumene mwafika, ndipo maiko ambili amafuna pasipoti polembetsa SIM conco ikhale pafupi. Koma SIM yacilendo izagwila cabe ngati ka MiFi sikanakhomedwe ku kampani imodzi. Yesani mukali kunyumba, bwelekani SIM ya netiweki ina muikemo, kakafunsa unlock code ndiye kuti ni kokhoma, ndipo ni bwino kudziwa lelo osati pa eyapoti usiku. Ngati nyale ya netiweki yayaka bwino koma masamba sasegula, kawilikawili vuto ni APN, dzina limene ka MiFi kamalowela nalo pa intaneti ya kampani ya SIM, funsani amene wakugulitsani SIM akuuzeni, muilembe mu Profile yatsopano. Pafupi na malile Data roaming ikhale yozima ngati simuifuna, cipangizo cimatha kulumphila pa nsanja ya dziko loyandikana inu musanaoloke nokomwe.

SIM yanu ya masiku onse isacoke mu foni, makodi a banki na a imelo amabwela pa SMS ku nambala imeneyo. Ma SMS a SIM ili mu ka MiFi, monga akuti bandulo yatsala pang'ono, amawelengedwa pa tsamba lake, sabwela pa foni.

Batile ni ya lithium ndipo imadana na kutentha. Musakasiye pa dashibodi ya motoka padzuwa, musakacaje pansi pa pilo olo mkati mwa cola cotseka. Mukaona cakumbuyo cayamba kutukumuka olo sicitseka bwino, batile yatupa, lekani kuigwilitsila nchito, musaiboole olo kuiponya pamoto. Mu ndeke kazimyeni. Power bank na mabatile apadela saloledwa mu cikwama copita pansi pa ndeke, zikhale mu cola ca m'manja, ndipo malile a nthawi zonse a mphamvu ya batile ni 100 Wh, kucoka apo mpaka 160 Wh mufunika cilolezo ca kampani ya ndeke. Power bank ya 20,000 mAh ni pafupifupi 74 Wh conco ipita, koma ngati manambala anafufutika pa thupi lake angaikane pa sekyuliti. Makampani ena manje amaletsa kucaja na power bank muli mumlengalenga, funsani yanu musananyamuke.

Netiweki ikakhala yofooka ikani ka MiFi pa windo, inu mukhale pamene mufuna, apa ndiye kamapambana hotspot ya foni, komanso batile ya foni siisila msanga. Ngati kali na 5 GHz na 2.4 GHz, ya 5 ithamanga mukakhala pafupi, ya 2.4 ndiyo imapyola zipupa. Mapu a Google Maps daunilodani mukali pa WiFi ya panyumba kuti azisegula olo netiweki itasowa pakati pa njila.

Mukaiwala pasiwedi olo mwasokoneza ma settings, pali kabowo kolembedwa Reset, nthawi zambili pansi pa cakumbuyo. Cipangizo cili coyaka, kanikizani na ka pini kocotsela SIM kwa masekondi angapo mpaka kazime noyakanso. Zonse zibwelela monga mmene zilili pa stika, APN imene munalemba ifufutika, pasiwedi ya tsamba nayo muisinthenso.