Wina akakuuzani za ma stem cell, yambani mwafunsa mafunso awa

Mwezi wathawu mlamu wanga anabwera kunyumba ndi timasacheti m'chikwama, akuti ndi ma stem cell, amachiza shuga, BP, nyamakazi mpaka khansa. Madzulo ake nkhani inafika pa gulu lathu la WhatsApp ndipo mayi wina wa ku tchalitchi analemba kuti musayerekeze, zimenezo amapangira makanda ophedwa. Onse awiri amalankhula ndi mtima wonse koma palibe amene anali pa mzere. Ndiye musanatulutse ndalama kapena kuyamba kudzudzula anzanu, chitani izi.

Choyamba funsani kuti maselowo achokera kuti, chifukwa mkangano wonse wagona pamenepa. Stem cell ndi selo yoti sinapatsidwe ntchito yake, ikhoza kugawikana n'kusanduka selo ya magazi, ya khungu kapena ya minyewa. Ena amapezeka m'thupi mwathu momwemu makamaka m'mafuta a m'mafupa, ena m'magazi a mchombo mwana akangobadwa, ndipo amenewa palibe amene amakangana nawo. Amene anabweretsa phokoso ndi a mluza. Mu 1998 James Thomson wa ku University of Wisconsin ku America anakwanitsa kuwachotsa m'miluza ya masiku pafupifupi 5 yomwe inatsala kwa mabanja omwe amafuna ana kudzera mu IVF (njira yophatikiza dzira la mayi ndi umuna kunja kwa thupi, ku labotale), ndipo pochotsapo mluzawo umawonongeka. Si khanda ayi, ndi kampira ka maselo kochepa ngati kadontho ka bolopeni, komabe funso ndi loti kodi ameneyu ndi munthu kale?

Apa musathamangire kunena kuti mbali inayo ndi yopusa. Mpingo wa Katolika umati moyo umayamba pomwe mimba yakhala, ndiye kuwononga mluza n'kupha ngakhale cholinga chikhale kuchiza wina. Enawo amati miluza yotsalayo imakhala mufiriji zaka ndi zaka kenako amataya, bwanji osathandizira odwala eni ake akavomera. Ku America zinafika pa ndale, Pulezidenti George W. Bush mu 2001 anachepetsa ndalama za boma pa kafukufukuyu, Obama n'kudzatsegula mu 2009. Ineyo ndimapendekera ku mbali yachiwiriyi, koma mayi uja sindingamuseke, nkhawa yake ndi yomveka kungoti anailoza polakwika. Komanso muwauze za Shinya Yamanaka wa ku Japan, amene mu 2006 anapeza njira yobwezera selo wamba ya pakhungu kuti ikhale ngati ya mluza, anayamba ndi mbewa kenako anthu mu 2007, mpaka analandira mphoto ya Nobel mu 2012. Njira imeneyi siifuna mluza olo umodzi.

Chachiwiri, funsani ngati chithandizocho chinatsimikizika pa matenda amenewo. Chomwe madokotala akhala akuchita kwa zaka zambiri ndi bone marrow transplant (kuika ma stem cell a m'mafuta a m'mafupa athanzi m'thupi mwa wodwala), ya khansa za m'magazi ngati leukemia ndi matenda ngati sickle cell. Si zobaya jekeseni n'kubwerera kunyumba, amayamba apha kaye mafuta a m'mafupa a wodwalayo ndi chemo yamphamvu, munthu amagona masabata m'chipinda chayekha chifukwa chitetezo chimakhala chatheratu, ndipo ena amamwalira nazo. Akakutumizani ku India kapena ku South Africa ndi zimenezi, khalani pansi ngati banja. Wopereka wabwino nthawi zambiri amakhala m'bale wa bere limodzi, mwina kamwana ka zaka 7, ndiye musamangoti ndi mchemwali wake akana bwanji, mufotokozereni molingana ndi msinkhu wake kuti amugoneka, amubaya pa fupa la m'chiuno, amva kuwawa masiku angapo, ndipo zikakanika si mlandu wake. Mawu omalizawa anthu amaiwala, mwana n'kukula akudziimba mlandu.

Pa nkhani ya HIV samalani kwambiri. N'zoona kuti Timothy Ray Brown, uja ankamutchula kuti wodwala wa ku Berlin, kachilombo kanatha atamuika maselo mu 2007, koma iyeyo anali ndi leukemia ndipo amene anapereka maselowo anali ndi chibadwa chosowa chomwe chimatseka khomo lolowera kachilombo. Palibe dokotala amene angakupangeni zimenezo inu mukupeza bwino pa ma ARV. Wina akakuuzani kuti siyani ma ARV muyambe ma stem cell, thawani.

Kenako afunseni a chipatala chomwe chikukulonjezani ma stem cell maso ndi maso: maselowa ndi anga kapena a munthu wina, boma la dziko lanu linavomereza kuti azichizira matenda amenewa, zikalakwika andisamala ndani ndipo alipira ndani? Akati tikadali pa kafukufuku koma lipirani madola masauzande, apo pali fungo, kafukufuku weniweni kawirikawiri salipiritsa wodwala ndipo amakupatsani pepala la chilolezo loti muwerenge mofatsa. Akati mankhwala amodzi omwewo amachiza sitiroko, autism ndi kusabereka, nyamukani. Ndipo musanyengedwe ndi zoti ndi maselo anu omwe ndiye sangakupwetekeni, ku Florida mu 2015 amayi atatu okalamba anawabaya m'maso maselo ochokera m'mafuta a m'thupi mwawo, mmodzi anachita khungu lotheratu enawo maso anawonongeka kwambiri. Kwa ine tchimo lalikulu pa nkhaniyi masiku ano lili apa, kugulitsa chiyembekezo kwa munthu woti wagulitsa kale munda.

Timasacheti tija ndiye n'tosavuta. Tembenuzani paketi muwerenge, ambiri amalemba kuti ndi maselo a apozi kapena mphesa. Selo ya chomera siingasanduke impso ya munthu, ikafika m'mimba imagayidwa ngati ndiwo zamasamba basi. Ngati mukukaikabe tengani paketiyo kwa dokotala amene amakuonani, kapena funsani a PMRA, bungwe la boma loyang'anira mankhwala ku Malawi, ngati analembetsa kuti ndi mankhwala ochiza. Mlamu wanga tinawerengera limodzi pakhonde, anakhala chete kanthawi, kenako anandifunsa kuti nanga mabokosi 6 omwe anaoda kale aja atani nawo.