Momwe mungatsekere Wi-Fi ya kunyumba kuti anthu asamakudyereni data

Ambirife kuno ku Joni timakhala m'mayadi a anthu ambiri, khomo ili ndi ilo kungosiyana khoma limodzi. Ine ndimachita lendi ku Rosettenville, ndipo chaka chatha data ya mwezi wathunthu inkandithera pakati pa mwezi, mpaka mayi a kunyumba ankalephera kulankhula ndi ana pa WhatsApp ku Dedza.

Kuti ena asamalowe pa Wi-Fi yanu, yambani apa. Tembenuzani rauta, kabokosi kotulutsa Wi-Fi kaja, muwerenge sitika yapansi. Pali adiresi yolowera, kawirikawiri 192.168.0.1 kapena 192.168.1.1, ndipo pa marauta ambiri a Huawei ndi 192.168.8.1. Ilembeni mu Chrome pa foni yomwe ili pa Wi-Fi yomweyo, mulowe. Ngati pasiwedi yolowera ikadali admin, isintheni pomwepo. Iyi ndi kiyi ya rautayo, si ya Wi-Fi ayi, ndipo amene ali nayo angathe kusintha chilichonse.

Ngati rauta munagula ya sekondi kwa anyamata a m'misewu ya m'tauni, yambani mwaikonza kaye. Kumbuyo kuli kabowo kolembedwa Reset, lowetsanimo phini kwa masekondi 10 kuti zonse zimene anaikamo mwini wakale zifufutike. Zimatchipa inde, koma yesani SIM yanu musanapereke ndalama, chifukwa marauta ena amakhala okhomedwa ku netiweki imodzi.

Kenako pitani pa Wireless kapena WLAN, pa Security, pomwe pali njira zotsekera Wi-Fi, musankhe WPA2-PSK ya AES. WEP musayerekeze, ndi yakale ndipo imathyoledwa m'mphindi zochepa. WPA3 inabwera mu 2018 ndipo ndi yolimba kuposa zonsezi, koma mafoni akale ndi ma TV ena amaikana, choncho ngati pali posankha WPA2/WPA3 tengani pamenepo. Pasiwedi ya Wi-Fi imalola zilembo 8 mpaka 63. Musaike nambala yanu ya foni, yadi yonse ili nayo. Lumikizani mawu anayi a Chichewa osagwirizana, muthire manambala pakati.

Pamene ndinagwa ine ndi apa. Zonsezi ndinachita, koma patatha sabata data inayambanso kutha. Ndinasintha pasiwedi kachiwiri, chimodzimodzi. Rauta yanga ndinkaiika pawindo la pa pasejo chifukwa m'chipinda netiweki imavuta, ndipo tsiku lina madzulo ndinaona kanyali kake kena kakuphethira pomwe sindinaigwire. Kanali ka WPS. Batani la WPS pa rauta ukalidina, rauta imatsegula kwa mphindi ziwiri ndipo chipangizo chomwe chili pafupi chimalandira pasiwedi osailemba. Winawake ankangopisa dzanja pa mabagilaba n'kudina. Mtima unandiwawa kwambiri, chifukwa ndi anthu omwe timapatsana nawo moni m'mawa uliwonse.

Vuto la WPS silithera pa batani. Mu 2011 akatswiri anapeza kuti PIN yake ya manambala 8 rauta imaiyesa m'zigawo ziwiri, moti kompyuta imangofunika kuyesa maulendo pafupifupi 11,000 kuti iipeze, pasiwedi yanu italike bwanji. Ndiye fufuzani palembedwa WPS, muzimitse, musunge. Pa marauta ena ili pobisika, pansi pa Advanced. Mukatero sinthaninso pasiwedi ya Wi-Fi, chifukwa amene analowa kale akadali nayo yakale. Ndipo rautayo ichotseni pofika dzanja.

Amene amabwera kudzakuikirani intaneti mwa mseri pa mtengo wotsika, ena amasunga pasiwedi yolowera. Akangotuluka pakhomo, sinthani.

Zotsalazi n'zachidule. Mukasunga, mafoni onse atuluka, alowetseninso ndi pasiwedi yatsopano. Onani mndandanda wa zipangizo zolumikizidwa, pakakhala dzina lachilendo litsekeni. Alendo apatseni Guest, yomwe ndi Wi-Fi yapadera ya alendo, osati netiweki yanu, poti foni ya Android imagawa pasiwedi pa QR mosavuta. Lowani mu rauta mudine Update kamodzi pa miyezi ingapo. Magetsi akathima musadandaule, zomwe mwasunga sizifufutika. Mapasiwedi onse awiri alembeni m'kabuku, mukaike komwe mumasunga pasipoti.