Kukajambula filimu m'dziko la eni: zilolezo zofunika

Funso ndi lakuti, gulu likafuna kukajambula filimu kunja, liyambire pati kuti lisakakodwe ndi malamulo?

Choyamba, pezani kampani ya komweko yoti mugwire nayo ntchito. Mayiko ena salola n'komwe kuti mlendo apemphe yekha chilolezo. Ku Kenya pempho limadzera kwa ajenti wovomerezeka, yemwe amalipereka ku Kenya Film Classification Board, bungwe la boma loona za mafilimu. Ku Morocco chilolezo chimachokera ku Centre Cinématographique Marocain, bungwe loona za mafilimu m'dzikolo.

Kenako sonkhanitsani zikalata: nkhani ya filimuyo, masiku ndi malo ojambulira, mapasipoti a onse opita, ndi inshuwalansi. Ku India boma limayamba lawerenga nkhaniyo lisanavomere, ndiye musadikire sabata yonyamukira.

Viza ya odzaona malo si ya ntchito, ndipo ambiri amagwa pamenepa. Funsani ku ofesi ya kazembe mtundu woyenera.

Za makamera, tengani ATA Carnet, chikalata cholowetsera zida kwa kanthawi osalipira msonkho. Chimagwira ntchito mpaka chaka chimodzi. Onetsetsani kuti chadindidwa polowa ndi potuluka pomwe, apo ayi adzakulipiritsani ngati munagulitsa zidazo. Kumene sachilandira, mungafunike kusiya ndalama ya chikole pachipata.

Droni, kandege kojambulira kouluka popanda munthu m'kati, ili ndi chilolezo chakechake, kawirikawiri chochokera ku bungwe loona za ndege. Ku Morocco amailanda pabwalo la ndege ngati mulibe.

Chilolezo cha boma sichikutsegulirani malo onse. Misewu, malo osungira nyama ndi nyumba za anthu zimafuna kupempha padera, ndipo aliyense wooneka bwino mufilimu asainire kuti wavomera. Ana asainiridwe ndi makolo.