Chotupa chogunda pamimba musachisisite

Inu amene muli ndi madala osuta fodya, makamaka opitirira zaka 65, tamverani. Akagona chagada, ikani dzanja pamwamba pa mchombo. Mukamva chotupa chikugunda ngati mtima, chikukankhira zala kumbali, musachisisite kapena kutemapo mphini. Mwina mtsempha waukulu wa magazi, aorta, watupa. Ukatupa kuposa masentimita 3 m'lifupi vuto layamba, ukafika 5.5 madokotala amaganiza za opaleshoni.

Yang'ananinso kumapazi. Chala chikada mwadzidzidzi n'kumapweteka, mwina kachidutswa ka magazi oundana kochokera m'chotupacho katseka njira. Zimandiwawa kumva anthu akungoti ndi shuga.

Kapempheni sikani ku Chipata Central Hospital. Koma msana ukawapweteka mwadzidzidzi, thukuta lili kamukamu, akukomoka, musadikire kuti kuche. Pezani motoka usiku womwewo.