Kujambula thiransifoma yathyathyathya pa bodi m'malo mokulunga waya

Amene munatsegulapo matchaja atsopanowa, ang'onoang'ono koma akutulutsa 65W, mwina munadabwa kuti thiransifoma ili pati. Mu ena mulibe chija chokutidwa tepi yachikasu tinazolowerachi, mumangoona kanthu kakuda kathyathyathya katakumbatira bodi. Imeneyo ndi thiransifoma ndithu, amati planar. Waya wake ndi mizere ya kopa yojambulidwa pabodi pomwepo, ndipo core ya ferrite, kanthu kakuda kaja kamene mphamvu ya maginito imayendamo, imalowa m'mabowo amene adulidwa mu bodimo, chidutswa china pamwamba china pansi.

Chimene chimaichepetsa ndi liwiro. Magetsi apakhoma ndi 50 Hz, nchifukwa chake thiransifoma zakale za m'mawailesi zinkalemera ngati njerwa, koma mukamayatsa ndi kuzimitsa magetsi ka 200,000 pa sekondi, ma turn (maulendo amene waya amazungulira core) ochepa okha akukwanira ndiye atha kukwana pa bodi.

Ndikupempheni chinthu chimodzi abale anga, yoyamba musayambire pa 230V. Yambani ndi batire ya sola ya 12V. Pa magetsi apakhoma nkhani ya insulation, chotchinga magetsi pakati pa primary (mbali yolowera magetsi) ndi secondary (mbali yotulukira), ndi ya moyo wa munthu amene adzagwire foniyo, siyophunzirirapo ayi.

Sankhani core kaye musanatsegule KiCad, pulogalamu yojambulira bodi. Ine ndimakonda E18, yooneka ngati chilembo E cha miyendo itatu, ya Ferroxcube kapena ELP 18 ya TDK, ferrite yake ngati N87 kapena 3F3. Mwendo wapakati ndi 4 mm, malo odutsa mizere mbali iliyonse ndi 5 mm, ndipo mukaphatikiza E imodzi ndi kambale kathyathyathya ka ferrite kotsekera pamatsala mpata wa 2 mm, bodi wamba ya 1.6 mm imalowa bwinobwino. Ae yake, kukula kwa malo amene flux (mphamvu ya maginito) imadutsa mu core, mu datasheet ndi pafupifupi 39 mm².

Tsopano masamu, ndipo apa musathamange chifukwa waya wokulunga mutha kumasula nkuyambiranso koma bodi ikabwera yolakwika ndiye kuti mwataya ndalama ndi masabata odikira. Ma turn a primary mumawapeza potenga voteji kuchulukitsa ndi nthawi imene switch ili yoyaka, kenako kugawa ndi flux swing (momwe flux imasinthira kuchoka pansi kufika pamwamba) kuchulukitsa Ae. Tinene kuti mukuyendetsa ndi full bridge (ma switch anayi a MOSFET otembenuza magetsi uku ndi uku pa primary) pa 200 kHz, theka lililonse ndi 2.5 µs. Voteji musaike 12, ikani 14.4 chifukwa batire ikamatchajidwa masana imafika pamenepo. Flux swing tengani 0.2 T, ferrite imakhuta cha m'ma 0.4 T ikatentha koma kutentha kwa core kumakuvutani musanafike nkomwe kumeneko. Mukawerengera mupeza 4.6, ndiye kuti ma turn 5. Asanu okha basi. Secondary ya 5V itha kukhala ma turn 3, regulator idzamalizitsa zotsalazo.

Bodi ikhale ya ma layer 4, imeneyi sitingapange kunyumba ndi ferric chloride, mankhwala odya kopa aja, muyenera kuitanitsa ku mafakitale a ku China. Kopa pemphani wa 2 oz amene ndi 70 µm, wamba uja wa 1 oz ndi 35 µm ndipo amatentha msanga. Onetsetsani kuti ma layer amkati nawonso mwawatchula chifukwa kawirikawiri amkatiwo amabwera opyapyala kuposa akunja. Pa 200 kHz magetsi amangoyenda pakhungu la kopa, kuya kwake pafupifupi 0.15 mm, ndiye mzere wopyapyala koma wotambalala umagwira ntchito yonse pomwe waya wonenepa pakati pake pamangokhala.

Kasanjidwe kake, ma turn 3 a primary pamwamba, secondary m'ma layer awiri apakati, ma turn 2 otsala a primary pansi. Kusanjika secondary pakati chonchi kumachepetsa leakage inductance, yobwera ndi flux imene sifika ku secondary, ija imabweretsa ma spike opha MOSFET. Koma kumawonjezera capacitance pakati pa mbali ziwirizo, phokoso limadutsa mosavuta, pa 12V sizivuta kwambiri koma muzidziwe. Siyani mwina 0.4 mm pakati pa kopa ndi m'mphepete mwa bowo kuti asakhudze core, mabowowo jambulani pa Edge.Cuts, layer ya KiCad yosonyeza podula bodi, ndipo akhale otakasuka pang'ono chifukwa makina odulira amasiya ngodya zozungulira, core simalowa ngati mwayeza ndendende.

Pamene ambiri amagwa ndi apa. Mzere wapamwamba umayambira kunja nkumazungulira kulowa mkati, ukafika mkati umatsika ndi via, kabowo kakopa kolumikiza ma layer, kupita pansi, kenako uzungulire kutuluka kunja. Magetsi akuyenera kupitiriza kuzungulira mbali yomweyo, ngati pamwamba akuyenda ngati mivi ya wotchi pansinso ayende choncho mukayang'ana kuchokera pamwamba. Bodi yanga yoyamba ndinangokopera mzere wapamwamba nkuuika pansi, atatu ndi awiri aja m'malo mokhala asanu anachotserana nkutsala turn imodzi, MOSFET inapsa nditangolumikiza batire. Chichokereni pamenepo ndimatsata mzere wonse ndi chala pa sikirini kuchokera ku pin yoyamba mpaka yomaliza ndisanatumize mafayilo. Ma via ikani atatu kapena anayi pamodzi, imodzi yokha imatentha.

Ngati mukupanga inductor kapena thiransifoma ya mtundu wa flyback pamafunika gap mu core chifukwa mphamvu imasungidwa pampata pamenepo. Gulani core yodulidwa kale gap, ndipo kopa atalikirane ndi gap-yo momwe mungathere, flux imamwazika pamenepo nkumawotcha mzere umene uli pafupi. Ya full bridge yathuyi gap siifunika.

Bodi ikafika pukutani nkhope za core ziwirizo, kafumbi kamodzi kokha kamatsitsa inductance kwambiri. Ferrite imasweka ngati mphika wadothi ndiye osaikankha ndi pulayala, mangani ndi ma clip ake, guluu akhale m'mbali osati pakati pokumanirana. Kenako tengani LCR meter muyeze inductance ya primary secondary ili yotseguka, nambala ifanane ndi AL (inductance ya turn imodzi) ya mu datasheet kuchulukitsa ndi 25, poti ma turn 5 kuchulukitsa ndi 5. Ikatsika kwambiri ndiye kuti core sinakhale bwino, yang'ambika, kapena mwazunguliza mobwerera ngati ine. Mukatero lumikizani miyendo ya secondary pamodzi muyezenso primary, imeneyo ndi leakage, ikhale yaying'ono kwambiri poyerekeza ndi yoyamba ija. Yezaninso ndi multimeter kuti primary ndi secondary sizikugundana.

Poyatsa koyamba musalumikize batire mwachindunji, gwiritsani bench supply yoika malire a current cha pa 200 mA, kapena babu la galimoto pakati pa batire ndi bodi. Isiyeni iyende mphindi khumi popanda katundu, kutanthauza chilichonse chodya magetsi ku secondary, zimitsani, gwirani core ndi chala. Ikangofunda pang'ono yambani kuonjezera katundu pang'onopang'ono.