Kusankha Mafuta Osamalira Pisitoli mu Nyengo ya ku Zomba

Munthu amene ali ndi chilolezo cha ku polisi chosunga pisitoli, kapena amene amanyamula pisitoli ya kuntchito, akafunsa za mafuta osamalira mfuti yake amayembekezera kuuzidwa dzina la botolo limodzi loti akagule. Ine ndimaona kuti funsoli liyenera kuyambira pa zinthu zina ziwiri, zomwe ndi chitsulo chimene mfutiyo inapangidwira ndi nyengo ya kumene ikusungidwa. Kuno ku Zomba, patsinde pa phiri lotalika mamita oposa 2,000 limene limakoka mitambo, chinyezi cha dzinja kuyambira Novembala mpaka Epulo, pamodzi ndi mvula yowaza ya chiperoni mu Juni ndi Julayi, zimabweretsa dzimbiri msanga kwambiri. Mu Seputembala ndi Okutobala vuto limasanduka fumbi, makamaka kwa amene amayenda m'misewu yadothi yopita ku Kachulu. Mafuta amene akuthandizani m'nyengo imodzi akhoza kukugwiritsani fuwa la moto m'nyengo inayo ngati simusintha kuchuluka kwake.

Musanatsegule botolo lililonse, chotsani magazini (kabokosi kokhalamo zipolopolo), kokerani slide (chigawo chapamwamba cha pisitoli) kumbuyo ndi kuitsekera komweko, kenako yang'anani ndi maso komanso gwirani ndi chala m'chipinda cha chipolopolo kuti mutsimikize kuti mulibe kanthu. Zipolopolo zonse muziike m'chipinda china cha nyumba, osati patebulo pamene mukugwirirapo ntchito. Zimenezi n'zofunika kwambiri pa mfuti ngati Glock, imene imafuna kuti mukoke trigger (kachitsulo kokoka ndi chala poombera) musanaiphwasule, chifukwa amene waiwala chipolopolo chimodzi amaombera m'nyumba mwake momwemo. Ngati mfutiyo ndi ya boma, monga za apolisi, za oyang'anira ndende kapena za asilikali a ku Cobbe Barracks, mafuta ake ndi okhawo amene woyang'anira nyumba ya zida wakupatsani, ndipo zimene ndikulemba pano zingokuthandizani kumvetsa chifukwa chake amakupatsani amenewo.

Pisitoli yodzilowetsa yokha chipolopolo imadalira slide, chigawo chapamwamba chimene chimakankhidwira kumbuyo wonga ukaphulika. Pobwerera m'mbuyo slide imataya chigoba cha chipolopolo chimene chaombedwa, ndipo sipuling'i ikaibweza kutsogolo imatola chipolopolo china m'magazini n'kuchilowetsa mu mpope. Zonsezi zimachitika m'kuphethira kwa diso, chitsulo chikukhuzana ndi chitsulo chinzake pa timizere timene slide imayendamo. Choncho pali ntchito zitatu zosiyana zimene timafuna: kusungunula mwaye wa wonga, kutereretsa pamene zitsulo zimakhuzana, ndi kutchinga chinyezi kuti chisafike pa chitsulo. Anthu ambiri amasokoneza ntchito zimenezi. Mankhwala otchuka a Hoppe's No. 9, amene anayamba kupangidwa ku America mu 1903, ndi otsukira, ndipo amene wangotsuka nawo n'kubwezeretsa mfuti m'chikwama amakhala asanamalize ntchito.

Pali mafuta amene anapangidwa kuti agwire ntchito zonse zitatu nthawi imodzi, ndipo pabotolo pake pamalembedwa zilembo za CLP, zoimira mawu a Chingerezi otanthauza kutsuka, kutereretsa ndi kuteteza. Asilikali a ku America ali ndi muyezo wawo wa mafuta a mtundu umenewu wotchedwa MIL-PRF-63460, ndipo Break-Free CLP ndi amodzi mwa odziwika kwambiri. Ballistol, amene anapangidwa ku Germany mu 1904 ndi banja la Klever kuti azigwiritsidwa ntchito ndi asilikali a kumeneko, ali ndi khalidwe lakelake: amasakanikirana ndi madzi n'kukhala oyera ngati mkaka, ndipo savulaza matabwa kapena chikopa. Kwa munthu amene ali ndi pisitoli imodzi, amene amaombera mwa apo ndi apo, ndipo akufuna botolo limodzi lokha, CLP ndiye chisankho chimene ndingamulimbikitse. Adziwe chabe kuti mafuta otere ndi opyapyala, amayenderera ndi kuuma pakapita masabata, motero m'dzinja ayenera kubwerezedwa kawirikawiri kuposa mmene botolo lingakuchititseni kuganiza.

Nkhani ya oyilo ndi girisi imafuna kuiganizira modekha. Oyilo amalowa m'timipata ting'onoting'ono, monga pa timisomali timene trigger ndi hammer (kanyundo ka kumbuyo kwa pisitoli) zimazungulirapo, koma sakhalitsa pamalo amodzi, ndipo pisitoli ikamanyamulidwa choloza pansi m'chiuno tsiku lonse, oyiloyo amatsetserekera kukamwa kwa mpope n'kusiya timizere ta slide touma. Girisi amakhala pamene mwamuika ndipo amapirira kutentha kwa Okutobala, n'chifukwa chake amayenera pa timizere ta slide ndi pamene mpope umakolana ndi slide. Koma akhale girisi wofewa, amene pachitini pake palembedwa NLGI 0 kapena NLGI 1 (NLGI ndi muyezo wa kulimba kwa girisi). Girisi wolimba wa mabeyaring'i a galimoto, amene kawirikawiri amakhala NLGI 2, akachuluka amachedwetsa slide, makamaka m'mawa wozizira wa mu Juni pamwamba pa phiri. Vuto lalikulu la girisi ndi fumbi. Yang'anani tcheni cha njinga ya kabaza imene yayenda tsiku lonse m'chilimwe mwini wake atachipaka girisi wambiri: chimakhala ndi phala lakuda lokhakhala, ndipo mukalipekesa pakati pa zala mumamva mchenga. Phala lomwelo likakhala pa timizere ta pisitoli limadya chitsulo ngati sandipepa. Choncho m'miyezi ya fumbi, kapena mukamapita kumadera a mchenga kufupi ndi nyanja ya Chilwa, pakani oyilo wochepa kwambiri ndipo mupukute mpaka pangotsala kunyezimira.

Tsopano onani mfuti yanuyo. Pisitoli za thupi la pulasitiki wolimba, monga Glock 17 imene asilikali a ku Austria anaitenga kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, zimafuna madontho owerengeka chabe, chifukwa slide yake imangokhudza tizitsulo tinayi tating'ono. Glock yatsopano imabwera ndi girisi wofiirira ngati mkuwa mkati mwa slide, ndipo ameneyo anaikidwa dala ku fakitale, si dzimbiri ayi. Pisitoli zachitsulo chokhachokha, monga Browning Hi-Power ya mu 1935, CZ 75 kapena Tokarev, zili ndi timizere tatitali ndipo zimafuna mafuta ochulukirapo. Zambiri mwa zimenezi zili ndi khungu lakuda lopyapyala limene silitchinga dzimbiri palokha, moti chala cha thukuta chikagwira slide madzulo, pakatha masiku ochepa a mvula mumapeza chidindo cha chalacho chitasanduka chofiira. Pa mfuti zotere, mphamvu ya mafuta yoteteza ku chinyezi ndiyo muiike patsogolo posankha.

Pisitoli za thupi la aluminiyamu, monga Beretta 92, zili ndi khungu lolimba pamwamba pa chitsulo chofewa, ndipo khungulo likaperepeseka chifukwa chouma silibwereranso, choncho kagirisi kochepa pa timizere n'kofunika. Pa aluminiyamu pewani mafuta alionse okhala ndi graphite (ufa wakuda woterera wonga wa mkati mwa pensulo), chifukwa graphite akakumana ndi aluminiyamu pamalo achinyezi amachititsa kuti chitsulocho chidyeke. Pisitoli za stainless steel anthu amaziona ngati zosafuna chisamaliro, koma zigawo ziwiri za chitsulo chimenechi zikakhuzana zouma zimakandana ndi kumatirirana, motero nazonso zimafuna girisi. Ngati mfuti yanu ndi yonyezimira chifukwa inakutidwa ndi nickel, musaisiye itanyowa ndi mankhwala otsukira okhala ndi amoniya, chifukwa amadya mkuwa umene nthawi zambiri umakhala pansi pa nickel ndipo khungulo limayamba kusupuka.

M'masitolo a zitsulo a m'tauni ya Zomba si kawirikawiri kupeza mafuta opangidwira mfuti, ndipo ambiri amachita kuitanitsa ku Blantyre, ku Lilongwe kapena kwa abale obwera kuchokera ku South Africa. Podikira, pali zinthu zimene zingagwire ntchito bwino ndithu. Oyilo watsopano wa injini wa mtundu wa synthetic, monga 5W-30 kapena 10W-40, anapangidwa kuti apirire kutentha ndi kukhuzana kwa zitsulo koposa kumene pisitoli imakumana nako, ndipo kabotolo kakang'ono kangakukwanireni zaka. Oyilo wofiira wa giyabokisi ya otomatiki ndi wopyapyala ndipo amatsuka mwaye pang'ono. Oyilo woyera wa makina osokera, amene atelala a pakhonde amagwiritsa ntchito, ndi waukhondo ndipo sachita phula, koma ndi wopepuka kwambiri ndipo satchinga dzimbiri kwa nthawi yaitali, choncho amayenera pa tizigawo ta mkati osati pa khungu la kunja m'dzinja.

Zimene simuyenera kuyandikiza pa mfuti ndi izi. Choyamba ndi mafuta ophikira, a mpendadzuwa, a soya kapena a mtedza, ngakhalenso a nsatsi. Ndinaonapo pisitoli ya mbale wanga wina amene anaipaka mafuta ophikira n'kuisunga m'kabati dzinja lonse. Titaitulutsa inkanunkha ngati chiwaya chakale cha tchipisi, slide inkabwerera kutsogolo mwaulesi ngati ikuyenda mu uchi, ndipo pa firing pin (kamsomali kamene kamamenya chipolopolo kuti chiphulike) panali phula lachikasu limene tinachita kulinyika m'parafini usiku wonse kuti lisungunuke. Mafuta a zomera akakhala pa mpweya amauma n'kukhala ngati vanishi, ndipo mfuti yotero ikhoza kukana kuomba pa nthawi imene mwini wake akuidalira. Chachiwiri ndi oyilo wakuda wochotsedwa m'injini, amene amakhala ndi tizidutswa ta chitsulo ndi asidi. Chachitatu ndi brake fluid, amene amayamwa madzi a mumpweya ndi kuwononga penti. Petulo naye musatsukire, chifukwa nthunzi yake imayaka ndi kamoto kakang'ono ka mbaula. WD-40, amene anapangidwa ku San Diego mu 1953 kuti azichotsa madzi pa chitsulo, ndi wothandiza mfuti ikanyowa ndi mvula, koma ndi wopyapyala kwambiri moti sangatereretse slide mokwanira, choncho mukamuthira mupukute bwinobwino ndi kupaka mafuta enieni pambuyo pake.

Ngati muli ndi mabotolo awiri kapena atatu ndipo mukukayika, ayeseni nokha m'malo mokhulupirira zolembedwa pabotolo. Tengani misomali yatsopano yosakutidwa ndi zinc, muikhule ndi sandipepa mpaka iwale, muitsuke ndi sipiriti, kenako mupake uliwonse mafuta ake n'kusiya umodzi wopanda kanthu. Muiwaze madzi a mchere pang'ono, amene akuimira thukuta, ndi kuipachika ndi ulusi pakhonde pamene mphepo ya mvula imafika. Pakatha sabata imodzi mudzaona nokha msomali umene wayamba kufiira ndi umene udakali woyera. Dontholinso limodzi la mafuta alionse muliike pa galasi n'kulisiya pawindo kwa mwezi. Limene lasanduka lomata mukaligwira ndi chala musaliike m'kati mwa mfuti.

Popaka, gwiritsani ntchito kansalu ka thonje kosathothoka ulusi ndi mswachi wakale, ndipo muvale magolovesi chifukwa mwaye wa mfuti umakhala ndi mtovu. Ikani dontho limodzi pa kamzere kalikonse ka slide, limodzi kunja kwa mpope n'kulifalitsa ndi chala, limodzi pamene mpope umakolana ndi slide, ndi kadontho kochepa pamene zigawo za trigger zimakhuzana. Mukabwezeretsa zonse, kokani slide kangapo kuti mafuta afalikire, kenako mupukute onse amene atulukira kunja. M'kanjira ka firing pin musathiremo mafuta, chifukwa amakola mwaye n'kufooketsa kamsomaliko mpaka kulephera kuphulitsa chipolopolo. M'magazini namonso mukhale mouma, popeza oyilo amakola fumbi ndipo wopyapyala akhoza kulowa m'chipolopolo n'kuwononga primer (kachigawo ka kumbuyo kwa chipolopolo kamene kamayatsa wonga). Mkati mwa mpope mungasiyemo kachinyezi ka oyilo posunga, koma musanaombere mupititsemo kansalu kouma, chifukwa mafuta ochuluka mu mpope ndi m'chipinda cha chipolopolo amawonjezera mphamvu imene imakankha zitsulo za mfutiyo.

Pali chinthu chimodzi chimene mafuta okha sangathe. Zipolopolo zina zakale za asilikali, makamaka za Tokarev, zili ndi primer amene akaphulika amasiya mchere mu mpope. Mcherewo susungunuka m'oyilo, umangobisala pansi pake n'kumayamwa chinyezi, ndipo m'nyengo ngati ya Januwale mpope ukhoza kuyamba dzimbiri usiku umodzi. Mukaombera zipolopolo zotere, tsukani mpope tsiku lomwelo ndi madzi otentha, kapena ndi Ballistol wosakaniza ndi madzi, muumitse bwinobwino, kenako mupake oyilo.

Posunga, chotsani pisitoli m'chikwama chake chachikopa, chifukwa chikopa chimasunga thukuta ndi chinyezi n'kumazikhuza pa chitsulo. Muitsekere m'bokosi lachitsulo lokhoma, kumene ana sangafike, lisagunde khoma kapena simenti ya pansi, ndipo muikemo timapaketi ta silica gel timene timabwera m'mabokosi a nsapato ndi a zipangizo zamagetsi. Timapaketi timeneti tikakhuta chinyezi timasiya kugwira ntchito, choncho muzitisintha kapena kutiumitsa mu uvuni wa moto wochepa. M'dzinja mfuti imene imanyamulidwa tsiku ndi tsiku ipukutidwe ndi kansalu ka oyilo madzulo alionse, ndipo imene ili m'bokosi itulutsidwe kamodzi pa masabata awiri, muyang'ane pansi pa zogwirira, m'mizere yokokera slide ndi pa batani lotulutsira magazini, chifukwa m'menemo ndi mmene dzimbiri limayambira.